Makhadi anayi mu kompyuta imodzi: motherboard ndi power supply zisankhidwe bwanji?

Munthu akamakonzekera kuika makhadi a GPU (makhadi a zithunzi) awiri, atatu kapena anayi mu kompyuta imodzi, maganizo ndi ndalama zimathera pa makhadiwo. Amatha masabata akuyerekezera RTX 3090 ndi RTX 4090, kuwerengera memori, kufunsa uku ndi uku. Motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse, ndi power supply (PSU), bokosi logawa magetsi, amazigula tsiku lomaliza, ndi tindalama totsala. Ndiye amadabwa kuona khadi lachitatu silikuoneka n'komwe, kapena kompyuta ikungozima yokha ntchito ikafika pakati. Ine ndimati dongosolo lake litembenuzidwe. Yambani mwadziwa ntchito imene makhadiwo adzagwire, kenako werengani ma lane (timizere tolumikiza khadi ndi purosesa) ndi mawati, makhadi enieniwo mugule pomalizira.

Za ntchito ndaziika patsogolo chifukwa ambiri akuganizabe za dziko limene linapita. Mu 1998 kampani ya 3dfx inalola anthu kulumikiza makhadi awiri a Voodoo2 kuti masewera athamange, njira imene ankaitcha SLI. Nvidia inadzatenga dzinalo n'kulidzutsanso mu 2004, ndipo ATI, kampani yopikisana nayo, inayankha ndi CrossFire mu 2005. Kwa zaka zambiri kukhala ndi makhadi awiri kunali ulemu pakati pa okonda masewera. Koma kuyambira Januwale 2021 Nvidia inasiya kukonzera masewera atsopano ma profile a SLI, ndipo RTX 3090 ndi 3090 Ti ndiwo makhadi otsiriza a GeForce okhala ndi polumikizira NVLink. Pa 4090 palibe. Choncho ngati cholinga chanu ndi masewera okha, gulani khadi limodzi lamphamvu, nkhani ithere pomwepo.

Amene makhadi ambiri akuwathandiza lero ndi ena: ojambula zithunzi za 3D ndi mapulogalamu ngati Blender, oyendetsa ma model a AI pa kompyuta yawoyawo, ophunzitsa ma model ndi PyTorch, ndi ochita kafukufuku wofuna masamu ochuluka. Okumba ndalama za pa intaneti analinso m'gulu limeneli, koma ambiri anasiya Ethereum itasintha kachitidwe kake mu Seputembala 2022. Onsewa amafuna makhadi ambiri, koma safuna motherboard yofanana, ndipo kusiyana kwake kuli pa ma lane.

Slot yaitali si umboni

Khadi limalankhulana ndi purosesa kudzera pa PCI Express, mwachidule PCIe. Njira imeneyi inagawidwa m'timizere totchedwa ma lane, ndipo slot, polowetsa khadi pa motherboard, ikhoza kukhala ndi lane imodzi, 4, 8 kapena 16, zimene zimalembedwa x1, x4, x8 ndi x16. M'badwo uliwonse umawirikiza liwiro: lane imodzi ya PCIe 3.0 imanyamula pafupifupi 1 GB pa sekondi mbali iliyonse, ya 4.0 pafupifupi 2 GB, ya 5.0 pafupifupi 4 GB. Apa mwaona kale kuti x8 ya 4.0 ndi chimodzimodzi x16 ya 3.0.

Msampha uli poti kutalika kwa slot ndi kuchuluka kwa ma lane ake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Motherboard ikhoza kukhala ndi ma slot atatu aatali, onse ooneka ngati x16, pamene wachiwiri ndi x4 ndipo wachitatu ndi x1. Tengani motherboard yotchipa, muunike ndi tochi mkati mwa slot ya pansi. Mudzaona timapini tachitsulo tikuyambira kumayambiriro n'kuthera panjira, kwinako kuli pulasitiki yokhayokha. Mukaitembenuza, kumbuyo kwake kumanenanso zomwezo, chifukwa timadontho ta mtovu timathera pomwe pathera mapiniwo. Khadi lidzalowa bwinobwino, lidzayaka, koma likulankhula kudzera pa kakhomo kakang'ono.

Opanga motherboard sachita zimenezi mwa nkhanza. Ma lane amachokera ku purosesa, ndipo purosesa ya kompyuta wamba ili nawo ochepa. Ma Ryzen ambiri a AMD a pa soketi ya AM4 ali ndi 24: 16 a khadi, 4 a SSD (chosungira mafayilo) ya NVMe, 4 opita ku chipset, kachipangizo ka pa motherboard koyendetsa zolumikiza zina. Ryzen 7000 pa AM5 ili ndi 28, koma 4 amapitanso ku chipset. Ma Intel a m'badwo wa 12 mpaka 14 pa LGA1700 amapereka 20, ndiye kuti 16 a PCIe 5.0 ndi 4 a PCIe 4.0. Mulimonse mmene mungawerengere, gawo la makhadi ndi 16 basi. Makhadi awiri pa x16 aliyense pa purosesa zimenezi n'zosatheka, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Chimene motherboard yabwino imachita n'kugawa 16 aja pakati, x8 ku slot yoyamba ndi x8 ku yachiwiri, zonse zochokera ku purosesa. Kugawa kotere amakutcha bifurcation, ndipo kumapezeka kwambiri pa ma motherboard odulirapo. Ma slot ena onse amadya kuchokera ku chipset. Chipset imaoneka yolemera, ili ndi ma lane akeake ambiri, koma yonseyo imalumikizana ndi purosesa kudzera pa njira imodzi yopapatiza: ma lane 4 pa AMD, kapena DMI 4.0 x8 pa Z690 ndi Z790 za Intel. Pa njira yomweyo pamadutsanso ma USB, netiweki, ma SATA ndi ma SSD ena. Khadi lokhala kumeneko limaimirira pamzere limodzi ndi zonsezi.

Palinso kachinyengo ka ma M.2, malo olowetsamo ma SSD. Pa ma motherboard ena, mukangoika SSD mu M.2 inayake, slot yaikulu imatsika kuchoka pa x16 kufika pa x8, kapena slot ya pansi imafa. Pa bokosi salemba zimenezi. Zili m'kabuku ka malangizo, pa tsamba lokhala ndi tebulo la ma slot ndi timawu ting'onoting'ono ta m'munsi. Kabukuka kamapezeka pa intaneti kwaulere musanagule, ndipo safunsa anadya phula. Kwa ine tsamba limenelo ndi lofunika kuposa ndemanga khumi za anthu oyamikira nyali zamitundumitundu.

Nanga ma lane angati ndi okwanira? Zimatengera kuti makhadiwo amalankhulana kangati. Okumba ndalama ankaika makhadi pa x1 popanda vuto, chifukwa khadi linkalandira kantchito kakang'ono n'kumasinkhasinkha lokha. N'chifukwa chake kunali ma motherboard ngati ASUS B250 Mining Expert ya ma slot 19. Pojambula zithunzi ndi Blender, chithunzi chimakwezedwa kamodzi mu memori ya khadi lililonse, kenako aliyense amagwira gawo lake, ndiye x4 kapena x8 imakwana, kungoti kukweza koyambako kumachedwerapo. Dziwaninso kuti pa ntchito imeneyi memori kawirikawiri siphatikizana: makhadi awiri a 24 GB sakupatsani 48 GB, chifukwa lililonse limasunga kope lakelake. Poyendetsa model ya AI ndi pulogalamu ngati llama.cpp, model imadulidwa m'magawo, khadi lina zigawo zoyamba, lina zotsatira, ndipo apa memori imaphatikizanadi. Zodutsa pakati pa makhadi zimakhala zochepa, moti x4 imagwira. Koma pophunzitsa model, makhadi amagawana zotsatira pa sitepe iliyonse, ndipo khadi lokhala pa njira yopapatiza limachedwetsa anzake onse.

Amene ali pa ntchito yomalizayi, kapena akufuna makhadi anayi kupita m'tsogolo, afunika kuchoka pa makompyuta wamba. Purosesa ya Threadripper PRO 5000 WX ili ndi ma lane 128 a PCIe 4.0, Threadripper PRO 7000 WX pa motherboard ya WRX90 ili ndi 128 a PCIe 5.0, EPYC, purosesa ya ma seva, nayo 128, pamene Xeon W-2400 ili ndi 64 ndipo W-3400 ili ndi 112. Apa mpamene ma slot 6 kapena 7 amakhala enieni. Mtengo wake ndi wowawa, purosesa, motherboard ndi memori yomwe. N'chifukwa chake ambiri amagula EPYC yakale yogwiritsidwapo ntchito ndi motherboard ya seva. Ndi nzeru ndithu, bola mudziwe kuti ma motherboard a seva anapangidwira mabokosi okhala ndi mphepo yamphamvu, ndiye mukawaika poyera popanda fani yowauzira, tizipangizo tozungulira purosesa timatentha.

Ma lane akakwana, pamabwera vuto la malo. Slot ndi inzake zimatalikirana mamilimita 20.32, ndipo motherboard ya ATX ili ndi malo 7 okha, micro-ATX 4, mini-ITX amodzi. Makhadi a masiku ano ndi onenepa. RTX 4090 zambiri zimatenga malo atatu kapena kupitirira, kutanthauza kuti khadi limodzi limakwirira ma slot amene munawalipira ndalama zambiri. Awiri otere akathithikana, la pamwamba limapuma mpweya wotentha wa mnzake. Makhadi a mtundu wa blower, a fani imodzi yotulutsira mpweya kumbuyo kwa bokosi, amatenga malo awiri okha ndipo amapirira kuthithikana, koma phokoso lake ndi la chigayo. Njira ina ndi ma riser, nthambo zotalikitsira slot kuti khadi likapachikidwe pa felemu. Riser ya PCIe 4.0 ikhale yaifupi ndi yabwino. Ikamavuta, kutsitsa slot imeneyo kufika pa 3.0 mu BIOS, mosinthira kachitidwe ka motherboard, kumathetsa mavuto ambiri.

Muli mu BIOS momwemo, yatsani Above 4G Decoding. Popanda imeneyi kompyuta imasowa malo olembera ma adiresi a makhadi onse, ndipo lachitatu kapena lachinayi limangosowa, kapena kompyuta imakana kuyaka.

Chinthu china chimene ambiri sachiona: khadi lililonse limaloledwa kukoka mawati 75 kuchokera mu slot momwemo. Makhadi anayi ndiye 300, kudutsa mu motherboard. Pulagi yaikulu ya mapini 24 ili ndi mawaya awiri okha a 12V. Mukaona motherboard ili ndi kapulagi kena ka mapini 6 kapena 8 pafupi ndi ma slot, kolembedwa kuti ndi ka PCIe, musakasiye kopanda waya poganiza kuti n'kokongoletsera. Kanaikidwa kuti mapini awiri aja asapse.

Mawati

Kuwerengera power supply kumayamba mophweka. RTX 3060 imadya mawati 170, RTX 3090 imadya 350, RTX 4090 imadya 450, RTX 5090 imadya 575. Tiyerekeze ma 3090 anayi: 1400. Purosesa ya Threadripper PRO 5000 WX ndi 280. Memori, ma SSD, mafani ndi motherboard tingaziikire 100. Tafika pa 1780, ndipo PSU zazikulu zimene zimapezeka mosavuta zimathera pa 1600. Walira mvula walira matope.

Koma nambala yolembedwa pa khadi ndi ya pakatikati. GPU imadumpha, kwa kanthawi kosakwana ngakhale kuphethira, kufika kutali pamwamba pa nambala imeneyo, ndipo ma 3090 anatchuka nalo khalidweli. Makhadi anayi akadumphira limodzi, chitetezo cha mu PSU chimayesa kuti kwachitika ngozi n'kudula magetsi. Chizindikiro chake n'chodziwika: kompyuta imazima kamodzin'kamodzi, popanda uthenga uliwonse, ngati wina wazula pulagi kukhoma, ndipo nthawi zina siyaka mpaka mutazimitsa swichi ya kumbuyo. Muyezo wa ATX 3.0, umene Intel inatulutsa mu 2022, unabwera kudzathana ndi zimenezi. PSU ya mawati opitirira 450 yokhala ndi pulagi yatsopano ya makhadi, ya 12VHPWR, iyenera kupirira kuwirikiza kawiri kwa mphamvu yake kwa mamaikirosekondi 100. Pogula PSU yatsopano, funani ATX 3.0 kapena 3.1, ndipo musiye mpata. Ine ndimakonda kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku isapitirire 80 peresenti ya mphamvu ya PSU.

Chizindikiro cha 80 Plus, chija cha Bronze, Gold, Platinum ndi Titanium, anthu amachimva molakwa. Chimangonena kuchuluka kwa magetsi amene PSU imawononga powasandutsa, osati kulimba kwake kapena ubwino wa chitetezo chake. Gold pa 115V imafika 90 peresenti ikanyamula theka la katundu wake, ndi 87 ikadzaza. Komabe pa makina odya 1800 kusiyanaku kumamveka. Pa 90 peresenti, kukhoma mukukoka 2000, ndipo 200 enawo akungosanduka kutentha mkati mwa PSU.

Khomalo nalo lili ndi malire. M'maiko a 120V, monga United States ndi Canada, dera la magetsi la ma amp 15 limapereka 1800, ndipo pa katundu wosalekeza lamulo lake ndi 80 peresenti, ndiye 1440. Makina athu aja sangakwane pa soketi imodzi kumeneko. M'maiko a 230V, 2000 ndi ma amp osakwana 9, zimene soketi yabwino imanyamula. N'chifukwa chake PSU zina zazikulu zimalemba kuti mphamvu yonse imatuluka pa 200 mpaka 240V pokha. Ndipo musadutsitse katundu wotere pa ekisitenshoni yopyapyala. Magetsi onsewo mapeto ake ndi kutentha, moti chipinda chokhala ndi makina amenewa chili ngati chayatsidwa hita usana ndi usiku.

Mankhwala otchipa kuposa onse ndi kuchepetsa chakudya cha makhadi. Pa makhadi a Nvidia, lamulo la nvidia-smi -pl 250 limauza khadi kuti lisapitirire mawati 250. Opanga makhadi amawakankhira kumapeto kwenikweni, kumene mawati ambiri amagula liwiro lochepa, choncho 3090 yotsitsidwa chotere imataya liwiro pang'ono poyerekeza ndi magetsi amene yapulumutsa. Anayi pa 250 ndi 1000, ndipo makina onse atsika kufika pa 1380. Kumbukirani kuti malire amenewa amafufutika kompyuta ikazima, ndiye lamulolo liikidwe kuti lizithamanga poyaka. Kumbukiraninso kuti kudumpha kuja sikutheratu.

Tibwere ku mawaya, kumene ngozi zenizeni zimachitikira. Pulagi ya PCIe ya mapini 6 inayezedwa mawati 75, ya mapini 8 ndi 150. Ma 3090 ambiri amafuna mapulagi awiri a mapini 8, ena atatu, ndiye makhadi anayi akufuna 8 mpaka 12. Werengani mabowo a kumbuyo kwa PSU, osati mapulagi olembedwa pa bokosi, chifukwa opanga amakonda kuika mapulagi awiri pa waya mmodzi, yachiwiri italendewera ngati mchira. Pa khadi laling'ono zilibe kanthu. Pa khadi la 350 logwira ntchito masiku atatu osapuma, ndimafuna pulagi iliyonse ikhale ndi waya wakewake. Samalaninso ndi pulagi ya purosesa, ya EPS, imene ilinso ndi mapini 8. Imafanana ndi ya khadi, koma 12V ndi ground zili mbali zosiyana. Ikakana kulowa, musaikakamize.

Phunziro limene linandipweteka ine ndi la mawaya ochotseka. Tsiku lina ndinasintha PSU yaing'ono n'kuika yaikulu, ndipo chifukwa mawaya akale anali atamangidwa kale bwinobwino kumbuyo kwa bokosi, ndinachita ulesi. Ndinangowazula ku yakale n'kuwalowetsa ku yatsopano. Analowa mosavuta, mpaka kulira "thwa". Nditasindikiza batani, mafani anagwedezeka kamodzi, kenako kunamveka kafungo ka pulasitiki yopserera. Makhadi anapulumuka, koma ma hard disk awiri anapita ndi zonse zinali momwemo. Mbali ya waya yopita ku chipangizo ili ndi muyezo umodzi kulikonse, koma mbali yolowa mu PSU aliyense amaika mapini mmene wafunira, ngakhale pakati pa mitundu iwiri ya kampani imodzi. Kuyambira pamenepo, PSU ikachoka imachoka ndi mawaya ake onse, ndimawamanga m'thumba limodzi n'kulembapo dzina.

Ma riser a x1 a okumba ndalama aja ankabwera ndi kawaya kotengera magetsi ku pulagi ya SATA. Pulagi ya SATA imanyamula mawati 54 okha pa 12V, pamene khadi likhoza kufuna 75. Tayani kawayako, riser idye kuchokera ku pulagi ya mapini 6.

Pulagi yatsopano ya 12VHPWR imanyamula mpaka mawati 600 pa mawaya 6 a 12V. RTX 4090 itangofika nayo mu 2022, panamveka nkhani zambiri za mapulagi osungunuka, ndipo chifukwa chachikulu chimene chinapezeka chinali kusalowetsa pulagi mpaka kumapeto. Mtundu wokonzedwa, 12V-2x6, unafupikitsa timapini tozindikira kuti khadi lisakoke magetsi onse pulagi ikalowa mwatheka. Ngakhale zili choncho, ikankheni mpaka pasaoneke kampata, ndipo musapinde waya pakhosi penipeni pa pulagi, makamaka chitseko cha bokosi chikamaukanikiza.

PSU imodzi ikalephera, ziwiri zimatheka. Pali kabolodi kakang'ono, ambiri amakatcha Add2PSU, kamene kamayatsa yachiwiri yoyamba ikayaka. Kamagwira ntchito pa waya wa PS_ON, wobiriwira uja wa pa pulagi ya mapini 24, amene akakhudzana ndi ground PSU imadzuka. Yoyamba idyetse motherboard, purosesa, ma disk ndi khadi limodzi kapena awiri, yachiwiri itenge makhadi otsalawo. Lamulo langa ndi lakuti mapulagi a khadi limodzi achokere ku PSU imodzi, osati kuno ndi uko, chifukwa 12V ya PSU ziwiri siifanana ndendende, ndipo imodzi ikazima inzake ikuyakabe, khadi limatsala pakati.

Zonse zikafika, musalowetse makhadi onse nthawi imodzi. Yambani ndi limodzi, konzani BIOS, ikani ma driver, kenako muziwonjezera limodzilimodzi, kuti chikavuta mudziwe chimene chabweretsa vutolo. Pa khadi lililonse onani ndi pulogalamu ya GPU-Z, kapena nvidia-smi -q, kuti likuyenda pa ma lane angati ndi m'badwo uti. Muyang'ane khadi lili pa ntchito, chifukwa likamapuma limatsitsa liwiro la PCIe kuti lisunge magetsi, ndipo mukhoza kuchita mantha pachabe poona 1.1. Onse akalowa, apatseni ntchito yolemera kwa ola lathunthu, kenako muyendetse chala pa pulagi iliyonse, mbali ya khadi ndi mbali ya PSU, osaiwala ya mapini 24 ndi ya kukhoma. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa. Koma pulagi imodzi ikatentha kuposa zinzake, zimitsani makinawo, muizule, muyang'ane mkati ngati pulasitiki yayamba kusintha mtundu kuzungulira pini.